Mpeni wa Labala

Kuno ku Kottayam mvula ikayamba
siifunsa ngati zovala zili pachingwe.
Imangokhuthuka, sabata ndi sabata,
mpaka Baibulo langa latupa ngati buledi wonyowa,
masamba ake kumamatirana
pamalo penipeni pomwe ndimafuna kuwerenga.

Tambala asanalire ndimamanga tochi pamphumi
n'kutsikira m'munda wa mitengo ya labala
womwe Thankachan anandisiyira
popita ku Muscat kukawotcherera zitsulo.
Anandiphunzitsa tsiku limodzi lokha, atagwira dzanja langa:
"Sosamma, usazamitse mpeni.
Ukangopalasa khungwa, utomoni sutuluka.
Ukafika pamtima pa mtengo, chilonda chake sichipola msanga."

Ine ndinkayesa akunena za mitengo.

Chaka choyamba ndinavulaza mitengo makumi anayi
ndi apongozi anga amodzi.
Iwo anati nsomba zanga zachuluka mchere,
ine ndinawakumbutsa amene amagula mankhwala awo a shuga.
Zinali zoona.
Koma usiku womwewo ndinawamva kuseri kwa khoma
akupemphera motsitsa, akutchula dzina langa,
ndipo choonadi changacho chinandiwawa m'kamwa
ngati chikho cha tiyi woiwala kuthira mkaka.

Ndinkaganiza kuti nzeru idzafika Lamlungu,
itavala zoyera, itanunkhira lubani wa m'tchalitchi.
Koma imandipeza Lachitatu,
manja ali m'madzi otsukira mbale,
magetsi atazima, mpunga utapserera,
n'kundinong'oneza: dikira kaye,
usayankhe pakamwa pali potentha.

Dzulo ndinapeza foni ya Jincy pansi pa pilo,
mauthenga a mnyamata wina wokwera njinga yamoto
amene sindikudziwa mayi ake.
Mawu anandidzaza pakhosi, onoledwa kale.
Ndinatuluka panja.
Ndinapala kokonati amene sindinkamufuna,
ndinasesa khonde losesedwa kale,
ndinauza Mulungu zonse zomwe ndinkafuna kuuza mwanayo,
ndipo Iye sanadzidzimuke.

Madzulo ndinamuitana kuti ndimudzoze mafuta m'tsitsi.
Atandipatsa msana, zala zanga zili m'mutu mwake,
ndinamufunsa funso limodzi laling'ono.
Kenako ndinakhala chete.
Chete ameneyo anali wolemera kuposa ndowa ziwiri za utomoni.
Koma mawu anayamba kudontha,
limodzi, lina, lina,
monga muja umatsetserekera utomoni woyera
kulowa m'chikamba cha kokonati chomangirira pamtengo.
Sanandiuze zonse.
Ndinatenga zomwe zinatuluka, zotsalazo n'kuzisiyira mawa.

Musandiyese wofikapo.
M'mawa uno ndakalipira Tomin chifukwa cha nsapato zamatope,
mawu anga mpaka kudzutsa galu wa a Kuriakose kutsidya kwa mpanda.
Ndamutsatira pa siteji ya basi
ndi ambulera yomwe anaiwala,
ndamupepesa anzake akuona.
Wachita manyazi kuposa ine.

Thankachan akaimba Lachisanu amafunsa mtengo wa labala,
amafunsa ngati denga likudonthabe.
Sindidziwa momwe ndingamuuzire
kuti mawu aja ndinkawerenga mothamanga ndili mtsikana,
onena za mkazi womanga nyumba yake ndi wina woigwetsa,
tsopano ndimawamva m'mawondo,
ndipo akazi awiriwo amavala sari yanga imodzi.

Apongozi akalamba, maso achita khungu.
Usiku ndimawawerengera, ndikulekanitsa masamba onyowa ndi chikhadabo,
iwo n'kumamaliza ziganizo ndisanafike kumapeto.
Nsomba zanga akuti zikadali zamchere.
Ndimalawa.
Nthawi zina amakhala akunena zoona.

Mawa mvula ikalola ndidzatsikanso ndi tochi,
mtengo ndi mtengo, mazana atatu.
Zipsera za chaka choyamba zikadalipo, zotupa ngati mfundo,
ndimazikhudza podutsa.
Ambuye, dzanja ili likadali lolemera.
Ligwireni pamkono pomwe analigwira mwamuna wanga,
mundionetsenso pomwe khungwa lathera.