Loweruka Pansi pa Pikapu

Inayamba kulira pamtsetse wa ku Mchesi
nditanyamula matumba khumi a simenti,
chitsulo kukukuta chitsulo
ngati munthu wokukuta mano kutulo.
Wakabaza amene ndinangotsala pang'ono kumupsompsona ndi bampala
ananditukwana mpaka makolo anga akumanda.

Ndiye lero, kuno ku Kaliyeka,
ndaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala,
njerwa ziwiri kumatayala akumbuyo,
jeke wobwereka kwa a Mphonde,
amene anati asagone kunja.
Madisiki ndi mapadi ndinagula ku Biwi
kwa mnyamata wolumbira kuti ndi orijino.
Ndalama yake ndi ija tinkasungira malata a khitchini.
N'chifukwa chake Velina sakundilankhula,
lero tsiku lachinayi.
Tiyi akungondiikira pasitepe ngati wa mlonda.

Nati zonse zamvera kupatula imodzi.
Ndaithira oyilo, ndainyengerera,
ndasomeka paipi kusipanala n'kukwerapo ndi thupi lonse.
Yalira kamodzi, kwee, n'kugonja,
koma yadula msonkho pakhungu la chala changa.

Kalipa ndaimangirira m'mwamba ndi waya
kuti isalendewere pamtsempha wake.
Padi yakale nayi m'dzanja,
yapyapyala ngati sopo wa pakutha pa mwezi.
Disiki yakumbika mizere yozungulira
ndipo ina ndikuidziwa:
uwu ndi wa minibasi yongoima mwadzidzidzi padepoti,
uwu wa mbuzi ya ku Area 23,
wozamawu ndi wa usiku uja wamvula
ndikuthamangira ku Bwaila,
Velina atandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa,
mwana akugogoda kale pakhomo la dziko.

Dzimbiri silimva pemphero. Hamala.
Nkhuku za aneba zabalalika.
Yatsopano ndaipukuta ndi petulo
mpaka yandionetsa nkhope yanga,
ndevu zaimvi zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo.

Ndamanga uku, ndamanga uko.
Dzuwa lapendeka.
Kuponda buleki, phazi langomira
ngati m'matope a kudambo.
Mpweya walowa m'mapaipi,
ndipo kuutulutsa si ntchito ya munthu mmodzi:
wina aponde pamwamba, wina atsegule pansi.
A Mphonde ali kumaliro ku Nathenje.
Mwana wathu miyendo siifika.

Ndakaima pakhomo la khitchini ija,
girizi mpaka m'zigongono,
kuwala kukulowa m'mabowo a denga
n'kumuwaza timadontho pamsana.
Mawu andikanira pakhosi ngati nati ija.
Wandiyang'ana, wayang'ana chala chamagazi,
wapukuta manja pachitenje,
wavula patapata n'kukwera pampando wa dalaivala.

Ine chagada pakatoni, sipanala yaing'ono m'manja.
"Pondani."
Chitsulo chayankha pamwamba panga, katatu.
"Gwirani."
"Ndagwira."
Liwu loyamba m'masiku anayi,
landipeza kudzera pansi pa galimoto.
"Siyani."
Thovu likutsika m'kapaipi, kulowa m'botolo la sobo,
lalikulu, kenako laling'ono,
kenako mafuta okhaokha, oyera ngati uchi.
Pondani. Gwirani. Ndagwira. Siyani.
Tazungulira matayala onse anayi
ndi mawu anayi omwewo,
ndipo sitinasowe ena.

"Yalimba," akutero, phazi lili pomwepo.
"Koma mvula ikayamba
muzidzaphika ndinu m'khitchini muja."

Ndatsitsa jeke, ndakankha njerwa ndi phazi.
Iye sanatsike, wangosendera mbali inayo
n'kutsegula windo.
"Tikaiyese pomwe inayambira kulira.
Pobwera mufunse mtengo wa malata."

Pamtsetse wa ku Mchesi yaima zii,
ngati mwana womva dzina lake.
M'thumba la ovolosi muli kawashala kamodzi
kamene sindikudziwa kwawo.
Ndimuuza mawa.