Ndowa Khumi ndi Zisanu ndi Ziwiri

Kuseri kwa kachipinda kanga ku Rosettenville
ndinandanda ndowa zakale za penti,
khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
zonse zoboola pansi ndi msomali wamoto.
M'menemo mumakhala mahaibisikasi anga.

Sindinagulepo ngakhale limodzi.
Ndi tinthambi togwa pa sizasi
tsiku losadzira maluwa a Mayi Moodley ku Northcliff.
Ndimatikulunga m'nyuzi yonyowa
n'kutifungatira pachifuwa m'thekisi
ngati wotuluka ndi khanda kuchipatala.

Tsiku loyamba kuliona duwali ndinaseka:
si therere uyu, wangovala suti?
Si mphwake wa limanda
amene anapita kunja n'kuiwala mphika?

Eni ake amawalemba mayina pa timapulasitiki,
mayina opinda lilime.
Ine ndinawatcha anga.
Wachikasu wamtima wofiira ndi Malipiro,
poti m'mawa alipo, madzulo kulibe.
Wamasiketi ambiri, wosachedwa kukwiya, ndi Apongozi.
Pali Bulangete, pali Kandulo,
palinso wina wosaphuka chibwerereni
amene ndimangomutcha Pemiti.

Joni si kwawo kwa maluwa awa.
Juni akafika chisanu chimatsika usiku
mwakachetechete, ngati ofufuza mapepala,
ndipo kukacha masamba ali bii, manja m'mwamba.
Ndimawafunditsa masaka, makatoni, jekete langa la tchalitchi;
atatu ofooka ndimalowa nawo m'nyumba,
ine n'kugona chopinda miyendo.
Novembala naye ali ndi zake:
matalala onga mazira a nkhunda
amang'amba m'mphindi zisanu
zimene ndalera miyezi isanu.

Dzinja lina ndinatola nthenga pabwalo,
ndinapala mungu wa Malipiro
n'kukapaka pamutu pa Apongozi,
ndinamangapo ulusi wofiira kuti ndisaiwale.
Kakhokho kanauma, kanang'aluka:
njere khumi ndi imodzi.
Zinamera zinayi. Nsabwe zinadya ziwiri,
ina inathyoledwa ndi mpira wa ana a pageti.
Yotsalayo ndinailera zaka ziwiri
osadziwa nkhope yake.

Inaphuka Lachitatu.
Ine ndinali nditanyamuka kusanache,
ndinali ku Northcliff, m'dziwe la eni, kuvuula masamba.
Pobwerako dzuwa litapendeka pa milu ya migodi
ndinapeza litadzipinda kale
ngati ambulera ya munthu amene wafika kwawo.

Mayi Sebolelo, eni nyumba, anati analiona.
Lalikulu bwanji? Anatenga mbale ya tiyi, anaibweza,
anatenga ya ndiwo.
Nanga mtundu? Apa anakanda m'mutu.
Akuti pakati ngati gwafa wakupsa,
kunjaku ngati tiyi wamkaka,
m'mphepete mwake kanthu kena
kamene alibe dzina lake m'Chisutu
ndipo ine ndilibe m'Chichewa.
Foni yawo inali itazima, magetsi anapita m'mawa.

Ndinalithothola, ndinalowa nalo pa kandulo,
ndinayesa kulitambasula ndi chala.
Linang'ambika. Linali lonyowa, lozizira,
mitundu yonse itathawira mkati.
Duwa ili salifunsa kawiri.

Ndalitcha Ndaziona,
dzina la mwana wanga wa ku Bawi
amene ndinamusiya akukwawa
ndipo akuti tsopano amawerengera agogo ake makalata.
Nayenso ndimamudziwa chomwecho:
wakula bwanji? Wafika pa chitseko apa.
Akufanana ndi ndani? Apa amakanda m'mutu.

Koma pa nthambi ya kum'mawa pali mphukira ina.
Ndaiyeza ndi chala chankombaphala,
yatsala pang'ono kufika pa mfundo yachiwiri.
Mwa kuwerenga kwanga ndi Lamulungu.
Ndaika kale mpando pafupi ndi ndowa.

Ikasankha Lolemba,
Mayi Moodley adzamva kuti dzino landigwira.