Mtowo wa ku Chilenje

Ndinabwera nawo m'chitini cha mafuta
kuchokera ku Chongwe, timasamba titatu tokha.
A Zelipa oyandikana nafe anaseka chikhakhali:
"Anzanu akudzala jakaranda,
inu mwatola za kutchire?"

Ndinaukumbira pansi pa mtondo wakale,
pakona pomwe mpanda wa simenti
umatchinga dzuwa la masana.
Sukonda kudzionetsera, mtengo uwu.
Mpopi ukauma mu Okutobala
ndimaugawira madzi otsukira mbale,
kapu ziwiri, osapitirira.

Chaka chachisanu chino.
Sunapose denga, ndipo sufuna kutero;
mthunzi wake ungokwana
mpando umodzi ndi beseni la zochapa.

Dzulo a Zelipa anaima pageti
akutafuna matowo ngati chingamu,
milomo ili nyatanyata,
osanena kanthu.