Chipinda chapansi, laibulale ya ku Toledo

Lachiwiri lililonse, sikisi koloko madzulo,
Tavon amatsika masitepe,
chipale chofewa chikusungunuka pa nsapato zake,
manja akununkha girisi wa ku galaja ya amalume ake.

Sukulu anaisiya mayi ake atagonekedwa m'chipatala.
Sindinafunse zambiri. Ndinangomupatsa pensulo.

Masamu a magawo ankamuzunguza mutu
mpaka tsiku lomwe anakhuthula masipanala patebulo:
theka la inchi,
magawo atatu mwa asanu ndi atatu.
"Iyi ndiye yaikulu," anatero,
kenako zii,
ngati munthu wapeza ndalama m'jekete lakale.

Mayeso a GED anawalephera ndi mamalikisi awiri okha.
Milungu itatu mpando wake unazizira.
Ine ndinkasongolabe mapensulo,
ndikudzinamiza kuti ndi a ana ena.

Lero wabwera, mochedwa, osapepesa n'komwe.
Wavula magolovesi ndi mano,
watsegula tsamba lija tinapinda pangodya.
Panja basi yadutsa yopanda munthu.

"Mayi Kowalczyk," akutero, maso ali pabuku,
"tiyambirenso pa maperesenti paja."