Pansi pa Penti

Lachiwiri m'mawa, pokhotera kumsika wa Kasungu,
ndinaponda buleki kuti mbuzi ya eni iwoloke.
Mbuziyo inawoloka bwinobwino.
Sienta yakumbuyo kwanga ndiyo sinaone za mbuzi:
khu!

Nyali yakumanzere inamwazika paphula
ngati tsabola wotayika pamalonda,
buti n'kupinda mlomo
ngati mwana wokana mankhwala.
Magazi ayi. Anthu okha, kuunjikana,
aliyense ndi chigamulo chake m'kamwa.

Mnyamata woyendetsa, Yotamu, anatsika manja ali kumutu:
"Achemwali, tikambirane, galimotoyi si yanga."
Nanga iyi ndinagula ndine?
Ndi ya malemu bambo anga,
thukuta la zaka zitatu za fodya wa ku Chinkhoma.

Kupolisi anati wodinda wapita kumaliro ku Santhe.
Mawa lake wodinda analipo, chidindo chili mu kabati,
kiyi wa kabati ali ndi wina.
A inshuwalansi anafuna lipoti, laisensi, zithunzi,
makotesheni atatu a magalaja atatu,
ndi kuleza mtima kumene sanakulembe pafomu.
Ndikaimba ku Lilongwe
ankandiikira kanyimbo kodikirira
mpaka mayunitsi anga onse kuvina n'kutha.

Masabata asanu pa kabaza,
yunifolomu yoyera ikufika kuchipatala
itafiira kale ndi fumbi.

Kenaka wowunika anabwera, nsapato zosongoka,
akulumpha oilo wa pagalaja ya a Kapanga.
Anagogoda buti ndi chala,
khutu pafupi, ngati wosankha chivwende.
Anatenga kiyi nakanda pang'ono.
Pansi pa penti panatuluka fila,
wotuwa, wouma gwa, wokhuthala ngati chikhatho.
"Pano panagundidwapo kale, mayi.
Bala lakale si lathu.
Tilipira nyali ndi theka la buti."

Kale liti?
Bambo anga aja, amene ankadziguguda pachifuwa:
zaka khumi ndi zisanu pa chiwongolero,
ngakhale nkhuku sindinaipondepo!

Madzulo ndinawapeza amayi akuswa mtedza pakhonde.
Ndinawafotokozera mwaukali, ngati wobedwa.
Iwo anagwira pakamwa,
mapewa n'kuyamba kugwedezeka,
anaseka mpaka mtedza kutayika,
mpaka kusekako kusanduka china.

"Ndinali ine," anatero.
"Usiku wa mwezi, inu mutagona,
ankandiphunzitsa kubwerera m'mbuyo
pabwalo la mpira la kusukulu.
Bwalo lonse lija, mwanawe,
ine n'kusankha mtengo wa golo.
Tambala asanalire anali atanyamuka
kukakonzetsa ku Mchinji,
kuti a kuno asandiseke kumpingo.
Anabwerako akuti anakaona mitengo ya feteleza."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kutola mtedza.

Ndalama za inshuwalansi zinafika mvula itagwa kale,
zoonda ngati ng'ombe ya mu Okutobala.
Yotamu amabweretsa kangachepe mwezi ukatha,
m'envulopu yolembedwa dzina langa molakwika.
Zotsalazo ndinapereka ndekha, osadandaula kwambiri.

A Kapanga, nyundo ili m'manja, anafunsa:
"Tichotse zakale zonsezi, tiyambe pachitsulo?
Zikhala zosalala ngati za m'sitolo."
Ndinati wongolani pa Yotamu pokha.
Papo, pakona, pamene chala chimamva kabumphu,
musapale.
Pentani pamwamba.

Utoto wake sunafanane ndendende.
Dzuwa likapendekera kuphiri la Kasungu
buti imaonetsa mitundu iwiri ya buluu,
ndipo anzanga amati anandibera.
Ndimangowayankha kuti eya.

Loweruka lapitali ndinaimika galimoto pabwalo lija.
Golo ndi wachitsulo masiku ano.
Ndinatsika, n'kuzungulira mbali inayo,
n'kuwapatsa amayi kiyi.
Anapukuta manja pachitenje, kawiri,
nafunsa ngati inshuwalansi
ndinalipira ya chaka chino.