Mazira a Eni

Pa Lizulu kusanache bwino
nkhungu yafunda msewu ngati bulangete la wodwala.
Minibasi yaima, chitseko chili yasa,
kondakitala akukuwa ngati waberedwa:
"Dedza! Dedza! Watsala mmodzi!"
Mmodzi ameneyo tamudikira mpaka mapazi achita dzanzi,
ndipo polowa, alowa asanu ndi awiri.

Mpando wa atatu takhalapo asanu.
Chigongono cha mnyamata wa mahedifoni
chamanga nyumba m'nthiti mwanga.
Thumba la kachewere laponda chala chomwe chija
ndinachitema ndi khasu Loweruka.
Kumbuyo nkhuku ikudandaula, nayonso ili ndi mlandu wake.
Wotchi ya pamkono ikundiyang'ana ndi diso la a Kachingwe,
bwana wanga kusitolo ya zitsulo,
amene salonjera munthu wochedwa,
amangoyang'ana pakhoma pomwe anapachika nthawi.

Mtima wayamba kusinja.
Mawu oipa afika kale pakhosi, avala ndi nsapato,
akungodikira ndiwatsegulire.

Ndiye akwera Nangozo,
mayi amene ndimangomudziwira patali,
mwana kumsana, chikwama kukhwapa,
m'manja thireyi ya mazira makumi atatu.
Wayang'ana uku, wayang'ana uko.
Osapempha, osapepesa,
wangondikhazika mazirawo pamiyendo:
"Achimwene, ndigwirireni. Ndi fizi ya mwana imeneyo."

Haa! Ine?

Galimoto yanyamuka ndi chifuwa.
Dzenje loyamba, gubudu!
Mazira onse acheuka kundiyang'ana.
Ndipamene ndadziwa kuti mkwiyo umayenda,
umachoka pamtima, umatsika m'mapewa,
umakathera kunsonga za zala,
ndipo zala zonjenjemera sizisunga dzira.

Ndatsitsa mapewa.
Ndakoka mpweya pang'onopang'ono m'mphuno,
mpweya wa anyezi, dizilo ndi jekete lonyowa,
komabe mpweya.
Ndautulutsa ngati wouzira phala la khanda.
Mawu aja pakhosi avula nsapato, akhala pansi.

Ndayamba kuwerenga: limodzi, awiri, atatu...
La khumi ndi chisanu ndi chiwiri lili ndi kanthenga
kakuvina nthawi zonse ndikapuma.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ine nkhono sindinaione,
ndaona kanthenga basi, ndipo kandikwanira.

Kumanzere, kuseri kwa zenera losweka,
Mozambiki akudzuka, akukoleza moto,
kabichi wandanda m'madimba ngati mitu ya ana pa asembule.
Zaka zinayi ndikudutsa pano m'mawa uliwonse,
kodi maso ndinkawasiya kuti?

Pamphambano ya ku Bembeke yabuka nkhondo ya chenji.
Bambo wa chipewa chaubweya akufuna mahandiredi ake awiri,
kondakitala akulumbira pali malemu amake.
Dzulo ndikanathira ndemanga, ndikanasonkhezera.
Lero ndili pantchito.
Ndine nkhuku yofungatira,
nkhuku yofungatira siipita kumilandu.

Parodibuloko wapolisi wasuzumira,
watiwerenga, wasokonezeka, wayambiranso.
Dalaivala watsika kukalankhula naye chapansipansi.
Mphindi zikudontha ngati denga la udzu wakale.
Zidonthe.
Mwana wa Nangozo wandigwira khutu ndi kadzanja kofunda,
ndamuleka, ndilibe dzanja lomuletsera.

Kenaka phiri la Dedza lavula nkhungu mpaka m'chiuno,
mitengo ya paini yaima chilili, yosathamangira kulikonse.
Tafika.

Nangozo wawerenga ndi chala, milomo ikugwedera.
Makumi atatu.
Zikomo wake wangokhala wa kumphuno,
wapita kale, walowa m'chikhamu cha pamsika.

Ndachedwa ndi mphindi makumi awiri.
A Kachingwe ayang'ana pakhoma paja.
Ndawalonjera ndine, mofatsa, mpaka adabwa.
Pomangirira epuloni ndaona manja anga
akadali otambasuka pang'ono, zikhatho kumwamba,
ngati akunyamulabe kanthu.

Mawa mazira sadzakhalapo, ndikudziwa.
Chigongono chidzakhalapo, ndi thumba, ndi chenji.
Koma ndikakhala pampando wa atatu tili asanu
ndidzaika manja pamiyendo chomwechi,
wina afunse ngati akufuna
kuti ndanyamula chiyani.