Mamita Makumi Asanu

Ndinakulira pa ulusi wa m'tayala,
uja tinkasolola ndi mano kuseri kwa galaja ya Zuze,
wakuda, wonunkha msewu wonse wa ku Nsanje.
Unkagwira, inde,
koma makakana ankauonera patali
n'kulambalala nyambo
monga amalonda alambalala wamsonkho.

Kenako nayiloni wotchipa wa pamsika.
Ameneyo saiwala pomwe anagona:
umamumasula, iye akupotanabe,
ndipo nsomba ikagunda pansi
uthenga umafika m'manja mochedwa,
mwambo utatha kale.

Lachiwiri lija ku Bangula, malata akulira ndi dzuwa,
Mai Alufazema anatsitsa kachikulunga kobiriwira
pakati pa mabatire ndi sopo.
"Ichi akuti kopolima.
Manayiloni awiri ophikidwa pamodzi,
wina wofewa, wina wouma mtima."
Ndinaseka. Ndiye n'chibale changa ichi:
amayi Mmang'anja, abambo Msena,
ndimakalipa m'chilankhulo china
n'kupepesa m'chinzake.

Ndinachiluma.
Ndinachikulunga m'zala n'kukoka mpaka magazi anathawa,
ndinachikhuza pa msomali wa kauntala.
Chinatambasuka pang'ono, n'kukana.
Chopyapyala n'cha makakana, iwo anatero,
chonenepa n'cha mlamba wa m'matope.
Ndalama ya chitowe inali yokwana chimodzi.
Ndinatenga chapakati,
monga atengera munthu wa malaya amodzi.

"Mfundo uzinyowetsa ndi malovu usanakoke,"
anakuwa ndili kale pa njinga.
"Youma imadziwotcha yokha!"

M'bandakucha ku Chiromo,
pomwe Ruo amalowa mwa Shire osaodira,
madzi awiri akuyenda mogundana mapewa
asanagwirizane mtundu.
Ndinalavulira mfundo, kasanu kuzunguliza,
nyongolotsi ikudzipinda pa mbedza,
ndipo chingwe chinatsika mwakachetechete,
osayandama, osathamangira pansi,
n'kusowa m'maso mwanga.

Pamenepo ndinayamba kumva mtsinje ndi chala.
Uwu ndi mchenga.
Ichi n'chitsa cha chimanga cha munthu wa ku Makhanga
chomwe madzi anabwereka chaka chatha.
Aka n'kankholokolo kakuba mwaulemu.
Ndipo uyu,
uyu wolemera ngati ngongole,
ndi mlamba.

Unathawira m'namasupuni,
unazungulira bango, unakhuza chingwe pa chitsulo
chomwe sitima inasiya m'madzi.
Nsungwi inawerama mpaka kumwa.
Ndinapereka, ndinalanda, ndinaperekanso,
ndikuyankhula zilankhulo zonse ziwiri nthawi imodzi,
mvuu ikundiseka kutsidya.
Chingwe chinatuluka ndi zipsera, koma chamoyo,
ndevu za mlamba zikupukuta matabwa a bwato.

Ndikanapita kunyumba.
Wanzeru akanapita.

Ndinadula pokhuzika paja, ndinamanganso,
ndinaponya pa mkondo wa madzi othamanga.
Kung'anima kumodzi, siliva ndi mchira wofiira,
mcheni analumpha, anandiyang'ana ndi diso limodzi,
n'kutseka pakamwa.
Nsungwi inawongoka.
Chingwe chinabwera chopepuka, chikuuluzika,
nsonga yake yodulidwa bwino
ngati ndi lumo la telala.

Lachiwiri linalo ndinakadandaula.
Mai Alufazema sanadzutse n'komwe mutu pa kope la ngongole.
"Ndinakuuza za miyala ndi bango.
Za mano ndinalonjeza?
Kutsogolo uziika kawaya, kotalika ngati chikhatho.
Wa buleki ya njinga yakoyo ukwana."

Tsopano njinga ili ndi buleki imodzi.
Chingwe chimagona m'chitini cha mkaka, pansi pa kama,
kutali ndi dzuwa la kuno lomwe limadya ngakhale pulasitiki.
Madzulo ndimachidutsitsa pakati pa milomo
kufufuza pomwe chakalamba.
Mkazi wanga, Nyakuipa, akuti chinthu ichi
ndimachisisita kuposa mwana.

Atsala mamita makumi anayi ndi awiri.
Mcheni uja akuyendabe pansi pa mlatho wothyoka
ndi mbedza yanga pa mlomo,
ndipo sindinamalize kuilipira.